Kuyamba Mafizo Thupi Litalemera: Zimene Timauzana ndi Zoona Zake

Anthu ambiri a m'tauni sayamba masewera olimbitsa thupi chifukwa chowakonda. Chimawayambitsa ndi mantha. Namwino wayeza BP, wayang'ana makina, wayezanso mkono winawo, kenako wanena kuti, "Bambo, muchepetse mchere ndipo muziyendako." Wina wakwera masitepe a ku ofesi n'kufika pamwamba ali wefuwefu, moni wa mnzake osatha kuuyankha. Wina diresi limene anasoketsa chaka chatha lakana kutseka zipi. Lolemba lotsatira munthu amadzuka m'bandakucha, n'kumanga nsapato, uyo mumsewu. Pakapita masabata awiri kapena atatu, nsapato zija zili phee kunsi kwa bedi.

Mukamufunsa chimene chachitika, amadziweruza yekha: "Ine ndine waulesi basi." Mawu amenewa ine ndimawakana. Mayi amene amadzuka 4 koloko kuphikira ana, n'kukatandala ku ntchito, madzulo n'kudzayambanso za kukhitchini, si waulesi. Bambo amene wasunga banja zaka makumi awiri ndi malipiro osakwanira si munthu wopanda khama. Chimene chimawagwetsa mphwayi anthu otere ndi nkhani zimene akhala akumva zokhudza mafizo, zonenedwa kawirikawiri mpaka kumveka ngati zoona. Nkhani zimenezi zimamuyambitsa munthu molakwika, zimamulonjeza zimene thupi silingachite, ndipo zikalephereka mlandu zimausiya pa iye.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga. Kafukufuku wina wa anthu pafupifupi 29,000 a ku Area 25 mu Lilongwe ndi a kumidzi ya ku Karonga, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupyola muyezo, pamene abambo anali 18. Munthu wa kumudzi amene amalima, kutunga madzi ndi kuyenda wapansi kupita kuchigayo thupi lake likugwira kale ntchito. Ndikulankhula ndi ife amene tinachoka pa khasu n'kukhala pa mpando, amene mtunda wa mphindi khumi timaitanira kabaza.

"Pamene ndafikapa, mafizo sangandithandizenso"

Awa ndi mawu a munthu amene waona anyamata akuthamanga m'mawa mumsewu wa Chipembere, nadziyang'ana yekha, n'kuona kuti kutali n'komwe ali. Amaganiza kuti phindu la masewerawa limayamba munthu akafika pomwe pali anyamatawo.

Zoona zake zili mbali inayo. Mu 1989, Steven Blair ndi anzake a ku Dallas, ku America, anatulutsa zotsatira za anthu oposa 13,000 amene anawayeza mphamvu pa makina oyendapo, kenako n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi 8. Anawagawa m'magulu asanu, kuyambira ofooka kwambiri mpaka olimba kwambiri. Imfa zinachuluka m'gulu la ofooka kwambiri, monga aliyense angayembekezere. Chimene chinali chachilendo n'chakuti kusiyana kwakukulu kunali pakati pa gulu lotsikitsitsalo ndi gulu lotsatira pamwamba pake. Kuchoka pa kusachita kanthu n'kuyamba kuchitako pang'ono kunapulumutsa anthu ambiri kuposa kuchoka pa kulimba n'kufika pa kulimbitsitsa.

Ku Taiwan anatsatira anthu oposa 400,000, ndipo mu 2011 anaonetsa kuti amene ankachita masewera kwa mphindi 15 zokha patsiku anali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 14 peresenti, ndipo moyo wawo unali wotalikirapo ndi zaka zitatu poyerekeza ndi amene sankachita kanthu. Ndipo nkhani yonseyi sinayambire pa akatswiri a masewera. Inayambira m'basi. Mu 1953, dokotala Jeremy Morris anafanizira madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikizana a mu London. Madalaivala ankakhala pansi tsiku lonse, makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Makondakitalawo ankadwala mtima mocheperapo. Palibe mmodzi wa iwo amene ankati akuchita mafizo.

Choncho ngati lero mumatopa mukangoyenda kuchoka pa siteji kufika kunyumba, ndinu amene mupindule kwambiri ndi mphindi khumi zoyambirira kuposa wina aliyense mumsewumo.

"Ngati sizikuwawa ndiye kuti palibe chikuchitika"

Ndikanafunsidwa chikhulupiriro chimodzi chimene chabweza anthu ambiri kunyumba, ndikanatchula ichi. Munthu amene wakhala zaka khumi osathamanga amafuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi. Amathamanga mpaka kukhosi kuuma gwa, mtima kugunda m'makutu, maso kuchita chidima. Mawa lake sangathe kukhala pa chimbudzi osagwira khoma. Mnzake amene anazolowera amamulimbikitsa kuti walira mvula walira matope. Iye amapirira kachiwiri, mwina kachitatu, kenako thupi limakana, ndipo thupi likakana mtima umapeza zifukwa: kwazizira, kuli maliro, ntchito yachuluka.

Ofufuza za maganizo a anthu pa masewera, monga Panteleimon Ekkekakis, aonetsa kuti pali malire pamene munthu akawapyola, kupuma kukayamba kuthamanga kwambiri, chisangalalo chimatsika mwa pafupifupi aliyense. Kwa munthu wolemera thupi amene sanazolowere, malirewo ali pafupi kwambiri. Liwiro limene kwa mnzake ndi kutenthetsa thupi chabe, kwa iye ndi chilango. Ofufuzawo aonanso kuti anthu amene amamva bwino ali mkati mwa masewerawo ndi amene amapezeka akupitirizabe pakatha miyezi 6 kapena chaka. Ubongo umasunga mmene chinthu chinamvekera, ndipo tsiku lotsatira umakukokerani kwa icho kapena kukuthawitsani.

Muyezo wabwino sufuna makina. Yendani ndawala moti mukhoza kulankhula chiganizo chathunthu koma simungathe kuimba nyimbo. Mukafika poti mawu akutuluka amodziamodzi, chepetsani. Ndipo lekezani mukadali ndi mphamvu, mukumva kuti mukanatha kuwonjezera. Anthu ambiri amaona ngati kutero n'kudzinyenga, koma kamphamvu kotsalako ndi kamene kamakudzutsani mawa.

Kwa amene akufuna kufika pothamanga, pali ndondomeko yotchedwa Couch to 5K imene Josh Clark anakonza ku America mu 1996, ndipo bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limailimbikitsa. Imatenga masabata 9, katatu pa sabata, ndi tsiku lopuma pakati. Sabata yoyamba munthu amathamanga mphindi imodzi yokha, n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kusinthanasinthana choncho kwa mphindi 20. Amene sanakonzeke kupita ku sabata yotsatira amabwereza yomweyo. Taonani kuchepa kwake poyerekeza ndi zimene timadzichitira tsiku loyamba.

Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira, n'kufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, n'kwachibadwa pamene thupi lachita ntchito yachilendo. Zili ngati matuza a khasu kumayambiriro kwa dzinja: sabata yoyamba manja amalira, kenako amakhwima, munda womwewo n'kumalimidwa popanda ululu. Kuphwanyako si umboni wakuti mafizo agwira, ndipo kukasiya kubwera sikuti asiya kugwira.

Koma pali ululu wina umene suyenera kupiriridwa ngakhale pang'ono. Kuwawa kapena kufinyika pachifuwa, ululu wotsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, chizungulire, kukomoka, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita, kapena ululu wolasa m'bondo kapena m'mfundo ina: imani pomwepo, ndipo za pachifuwazo pitani nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Amene ali ndi matenda a mtima, a impso kapena a shuga, kapena BP yokwera kwambiri, ayambe alankhula ndi a chipatala asanayambe masewera amphamvu. Amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga aziyenda ndi kanthu kotsekemera m'thumba, chifukwa shuga akhoza kutsika ali panjira.

"Ndiyamba mtima ukafuna"

Timaganiza kuti anthu amene amadzuka m'mawa uliwonse ali ndi moto wina mumtima umene ife tilibe. Afunseni. Ambiri adzakuuzani kuti masiku ochuluka nawonso bulangete limawakomera. Kusiyana n'kwakuti iwo anasiya kufunsa mtima. Chilakolako chimene munachoka nacho kuchipatala, kapena chimene chimabwera pa 1 Januwale, n'chenicheni ndithu, koma chimazilala pakapita masiku. Amene wamanga ndondomeko yake yonse pa icho amagwa nacho pamodzi.

Mu 2002, Sarah Milne, Sheina Orbell ndi Paschal Sheeran anayesa nkhaniyi pa ophunzira 248 a ku England. Gulu lina analipatsa uthenga wolimbikitsa wonena za kuopsa kwa matenda a mtima ndi ubwino wa masewera. Uthengawo unawakhudza, anati achitadi, koma amene anachita anali 35 mwa 100, osasiyana ndi amene sanauzidwe kanthu. Gulu lina, kuwonjezera pa uthenga womwewo, analiuza kuti aliyense alembe tsiku, nthawi ndi malo amene akachitire masewerawo. M'gulu limeneli anachita ndi 91 mwa 100. Kulimbikitsidwa kokha sikunadzutse munthu. Chinamudzutsa ndi kudziwiratu kuti Lachiwiri, 5 koloko madzulo, ndikaweruka, nditsika minibasi siteji imodzi isanafike yanga n'kuyenda wapansi.

"Ndiziyendako" si ndondomeko. Ndondomeko imakhala ndi tsiku, ola ndi njira, ndipo imakhala bwino ikamangiriridwa ku chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku: mukaperekeza mwana ku sukulu, mukatuluka ku mapemphero a m'mawa, mukamaliza nkhomaliro. Tsiku limene mulibiretu mphamvu, dziuzeni kuti muyenda mphindi zisanu zokha, ndipo zikakwana muli ndi ufulu wobwerera. Kawirikawiri simubwerera, chifukwa chovuta chinali kutuluka pakhomo. Mukabwereradi, chizolowezi chasungikabe.

Apa pakubweranso nkhani ina yofala, yakuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Nambalayi inachokera kwa Maxwell Maltz, dokotala wa maopaleshoni okonza nkhope, amene analemba mu 1960 kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Sankanena za mafizo. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London atatsatira anthu 96 amene ankayamba zizolowezi zatsopano, anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthu chizichitika chokha, ena masiku 18, ena mpaka 254, ndipo masewera ankatenga nthawi yaitali kuposa zizolowezi zosavuta monga kumwa madzi. Amene wafika tsiku la 22 n'kumavutikabe kudzuka alibe vuto lililonse. Ali pakati pa ulendo.

Lally ndi anzake anapezanso chinthu chimene ndikanakonda aliyense woyamba atachimva: kujomba tsiku limodzi sikunasokoneze kukhazikika kwa chizolowezi. Kuno kwathu maliro amabwera osaitanidwa, mvula imagwa sabata yathunthu, malungo amagwetsa munthu, mlendo amafika kuchokera kumudzi. Mudzajomba ndithu. Chimene chimapha ndi maganizo akuti, "Ndaononga kale, ndidzayambiranso mwezi wamawa." Mukabwerako ku maliro, yambirani pamene mungathe, ngakhale pochepera pamene munalekezera.

Ndipo pezani mnzanu. N'kosavuta kudzinamiza wekha, koma n'kovuta kusiya munthu ataima pageti panu m'mawa kukuzizira. Ku Bushy Park mu London, mu 2004, Paul Sinton-Hewitt, amene anakulira ku South Africa, anayambitsa parkrun, kuthamanga kwa makilomita 5 Loweruka lililonse, kwaulere, ndi anthu 13 okha. Lero parkrun ili m'maiko ambiri, ndipo inafika ku Delta Park mu Johannesburg mu 2011, kumene abale athu okhala kumeneko akhoza kuipeza. Oyenda wapansi amalandiridwa, ndipo kumbuyo kwenikweni kumayenda wodzipereka mmodzi mwadala kuti pasapezeke womaliza. Ife tili ndi magulu kale: a mvano, a kwaya, a banki m'khonde, anzathu a ku ntchito. Chosowa ndi munthu mmodzi wonena kuti Loweruka tiyende. Sankhani mnzanu wa liwiro lanu, osati wokusiyani m'mbuyo n'kumakukuwirani.

"Mwezi wathunthu, koma sikelo siikutsika"

Apa ndi pamene ambiri amene anapirira zonse zija amatayira mtima, ndipo ndimawamvera chisoni chifukwa amasiya chinthu chimene chikugwira ntchito. Tinene chilungamo: mafizo okha, popanda kusintha kadyedwe, amachepetsa kulemera pang'ono ndiponso pang'onopang'ono. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la theka la lita lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo kuti munthu awotche zimenezo ayenera kuyenda ndawala mphindi pafupifupi 40. Amene wayenda m'mawa n'kudzithokoza ndi chakumwa ndi mandasi awiri asadabwe ndi sikelo.

Koma sikelo imaona chinthu chimodzi chokha. Siona kuti mwa anthu odwala BP, kuyenda kapena kupalasa njinga pafupipafupi kumatsitsa nambala yapamwamba ndi 5 mpaka 8. Siona kuti ulendo umodzi wokha umathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga kwa tsiku limodzi kapena awiri otsatira, n'chifukwa chake odwala shuga amalangizidwa kusadumphitsa masiku oposa awiri motsatizana. Siona tulo tabwino, kapena nkhawa zimene zapepuka. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene anatuluka mu 2002, anatenga anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga. Amene anapatsidwa mankhwala a metformin chiopsezo chawo chinatsika ndi 31 peresenti. Amene anathandizidwa kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kuchepetsa kulemera ndi 7 peresenti chiopsezo chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, imeneyo ndi makilogalamu 6 okha. Sanafunike kukhala wowonda kuti apulumuke.

Ngati mukufuna choyezera, yang'anani zina. Chitunda chimene chinkakuimitsani kawiri, lero mwachikwera osaima? Njira ya mphindi 25 yayamba kutenga 20? Tengani chingwe, yezani kutalika kwanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba cha pamwamba pa mchombo. Malangizo a ku Britain a 2022 amati mimba isapyole theka la kutalika kwa munthu, ndipo mafuta a pamimba ndi amene amayenderana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima. Chingwecho chikhoza kuyamba kusonyeza kusintha sikelo isanatero.

Kufunitsitsa kuona sikelo ikutsika ndi kumene kumabala zinthu zoopsa. Mwawaonapo anthu akuthamanga mu Okutobala atavala majekete, ena atakulunga pulasitiki pamimba, poganiza kuti thukuta ndi mafuta amene akusungunuka. Thukuta ndi madzi ndi mchere. Kilogalamu imene yachoka motero imabwerera mukangomwa madzi, ndipo pa kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Salima munthu akhoza kukomoka nazo. Mu 2014, Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengera kuti mwa makilogalamu 10 a mafuta amene thupi lawotcha, 8.4 amatuluka m'mapapo ngati mpweya umene timapumira kunja, ndipo 1.6 okha ndi amene amasanduka madzi. Chimodzimodzinso mafizo ogona chagada n'kumadzuka pofuna kuphwetsa mimba: amalimbitsa minofu ya pamimba, koma thupi silichotsa mafuta pamalo amene mwaloza. Za matiyi ndi malamba ophwetsa mimba amene amagulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, sungani ndalama zanu mugulire masamba.

"Ukawonda anthu aziti ukudwala"

Ichi sindingachitche bodza, chifukwa anthu amanenadi. Tinakulira m'dziko limene kunenepa kumatanthauza kuti zikukuyendera, kuti mkazi akusamalidwa bwino, kuti bambo ndi bwana. Zaka zimene Edzi inkatenga abale athu mankhwala asanafike zinasiya chipsera china: kuwonda kunasanduka chizindikiro cha imfa. Mayi akatsika makilogalamu asanu, apongozi amafunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Ndipo mzimayi wamkulu akamayenda ndawala mumsewu atavala nsapato zothamangira, pamapezeka ana omuseka ndi akuluakulu omunena.

Bodza lili pa mfundo yakuti thupi lalikulu ndi umboni wa thanzi. BP simveka kuwawa. Munthu amayenda nayo zaka zambiri akuoneka wonenepa bwino, tsiku lina n'kugwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi itafa. Amene ankamuyamikira kuti akuoneka bwino sadzabwera kudzamutembenuza pa mphasa. Auzeni a m'banja mwanu mosabisa kuti mukuchita izi chifukwa cha BP kapena shuga, ndipo ngati n'kotheka atengeni akayezetse nawonso. Za oseka mumsewu, amatopa msanga akaona kuti simukusiya, ndipo kuyenda awiri kapena atatu kumachotsa manyazi ambiri.

"Popanda jimu ndi ndalama sizitheka"

Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yotenthetsa thupi pang'ono, kapena 75 mpaka 150 za ntchito yamphamvu, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Satchula jimu. Kuyenda kupita kumsika, kupalasa njinga, kulima kadimba, kukolopa, kuvina, kusewera netiboli ndi ana, zonsezi zimawerengedwa ngati zikukweza kapumidwe. Kale ankati masewera amayamba kuwerengedwa akakwana mphindi khumi nthawi imodzi, koma mu 2020 lamulolo linachotsedwa. Mphindi zitatu apa, zisanu apo, zonse zimalowa m'nkhokwe. Ndipo malangizo omwewo amanena poyera kuti amene sakufika pa 150 ayambe ndi zochepa n'kumawonjezera, chifukwa pang'ono n'kuposa kusachita konse.

Amene ali ndi foni yowerenga masitepe asagwe mphwayi ndi nambala ya 10,000. Inachokera ku Japan mu 1965, pamene kampani ya Yamasa inkagulitsa kachipangizo kowerenga masitepe kotchedwa Manpo-kei. Nambalayi inali m'dzina la malondalo basi. Mu 2019, I-Min Lee wa ku Harvard anatulutsa zotsatira za amayi achikulire oposa 16,000: amene ankayenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankafa mocheperapo kusiyana ndi a 2,700, ndipo phindulo linkakwera mpaka cha pa 7,500 n'kukhazikika. Onani nambala imene muli nayo lero, muwonjezerepo 1,000.

Zolimbitsa minofu nazo sizifuna zitsulo. Kukhala pa mpando n'kudzuka kakhumi osagwira manja, kukankha khoma, kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde, kunyamula chigubu cha madzi cha malita asanu, chimene ndi makilogalamu asanu. Amayi asaope kuti asanduka ngati amuna. Thupi la mkazi silimanga minofu motero ndi mafizo otere.

Zimene zili zoona n'zakuti misewu yathu yambiri sinamangidwe poganizira woyenda pansi. Mulibe njira za m'mbali, mulibe magetsi, ndipo m'bandakucha muli agalu ndi anthu a maganizo oipa. Yendani kudzanja lamanja la msewu kuti muziona galimoto zikubwera, valani chowala, ndipo amayi makamaka asayende okha kukadali mdima. Bwalo la sukulu kapena la tchalitchi limakwana. Nthawi ya mvula, khonde ndi wailesi zimakwana.

Otsala ndi awo amene amati zaka zapita, kapena mawondo sangalole. Mu 1990, Maria Fiatarone anatenga okalamba khumi a zaka 86 mpaka 96 okhala m'nyumba yosamalira okalamba ku Boston, n'kuwachititsa mafizo onyamula zolemera ndi miyendo kwa masabata 8. Mwa amene anamaliza, mphamvu ya miyendo inakwera ndi 174 peresenti. Minofu imamva ngakhale pa zaka 90. Kunena za mawondo, ofufuza amene mu 2017 anasonkhanitsa zotsatira za anthu oposa 100,000 anapeza nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno mwa anthu 3.5 pa 100 othamanga mongodzisangalatsa, koma mwa 10.2 pa 100 ongokhala. Bondo limafuna kuyenda, ndipo minofu yolimba ya ntchafu imalitchinjiriza. Komabe amene thupi ndi lolemera kwambiri, kapena bondo limawawa kale, ayambe ndi kuyenda pamalo osalala kapena kupalasa njinga kwa miyezi ingapo. Kuthamanga kudzabwera pambuyo, ndipo ngakhale kutapanda kubwera, kuyenda ndawala kukukwanira.

Sabata ino pitani ku chipatala chapafupi mukayezetse BP, ndi shuga ngati akuyeza, kuti mudziwe pamene mukuyambira. Ngati muli pa mankhwala, musawasiye chifukwa mwayamba kuyenda. Wochepetsa mankhwala ndi dokotala. Kenako sankhani masiku atatu, ola lake ndi njira yake, muuze mnzanu mmodzi, ndipo tsiku loyambalo muyende mphindi khumi zokha.